Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Nyumba Yosunga Mbiri ya Dziko ku Zomba

Olemekezeka Bwana,

Ndikukulemberani m'malo mwa anthu amene amalemba nkhani pa Wikipedia ya Chichewa mongodzipereka. Salandira kanthu, ndipo bandulo amagula ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, ya Chiswahili zoposa 70,000, pamene yathu sinafike ngakhale 2,000. Ena amati ndi ulesi. Iwo sadziwa kuti kumeneko saloleza kulemba za m'mutu. Ukatchula chaka kapena dzina la mfumu, uyenera kuonetsa buku, nyuzipepala kapena chikalata chimene watapamo, apo ayi anzako amafufuta.

Maumboni amenewo, bwana, ali m'manja mwanu. Nyumba yanu yakhala ikusunga zikalata kuyambira mu 1947, ndipo lamulo limati aliyense wosindikiza buku m'dziko muno azisiya kope kwa inu. Koma mphunzitsi wa ku Chitipa wofuna kulemba za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 ayenera kupeza ya basi, ya malo ogona ndi ya chakudya kuti akaone mapepala ochepa chabe. Ambiri amangogwa mphwayi.

Anzanu a ku Germany anayesa njira ina. Mu 2008 nyumba yawo yosunga mbiri, Bundesarchiv, inapereka zithunzi zoposa 80,000 ku Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi za pa Wikipedia, kuti aliyense azigwiritsa ntchito. Phindu silinapite mbali imodzi: ongodziperekawo anayamba kuuza eni nyumbayo pamene mayina a anthu ndi malo analembedwa molakwika. Kuno ntchito yotereyi ndi yofunika changu, chifukwa agogo amene angaloze chithunzi n'kunena kuti uyu anali uje, apa panali pa Boma lakale, akutha chaka ndi chaka.

Sitikupempha zinsinsi za boma kapena mabuku amene eni ake adakali ndi umwini. Yambani ndi zimene umwini wake unatha: zithunzi zakale, malipoti a atsamunda, timabuku ta amishoni ta m'Chinyanja. Tipatseni tsiku limodzi pamwezi, tebulo limodzi ndi wantchito wanu mmodzi wotiyang'anira. Tidzajambula masamba, kutaipa mawu ndi kulemba pa chithunzi chilichonse kuti chachokera kwa inu, ndipo kope la zonse lidzatsala kwanu.

Tikupempha kuti mutiitane tidzakambirane za tsiku loyamba.

Ine wanu modzichepetsa,
Mmodzi mwa olemba mongodzipereka