Za Umoyo M'banja: Wodwala Wodyera M'chubu Afunika Diso Lathu

Ulendo uno tikambirane za odwala khansa amene amadyera m'chubu, makamaka za mavuto ena a m'matumbo amene sachitikachitika, koma akabwera sachedwa kutenga moyo.

Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Chotupa chikamakula, njira ya chakudya imatsekeka. Wodwala amayamba kulephera nsima, kenaka phala, mapeto ake ngakhale madzi. Zikafika apa, nthawi zina madokotala amachita opaleshoni yoboola pamimba ndi kuika chubu chopita m'chifu kapena m'matumbo aang'ono, kuti chakudya chamadzimadzi chizidzera m'menemo. Nzeruyi si yalero ayi. Dokotala wa ku Germany, Oskar Witzel, adafotokoza njira yake yosokerera chubu chotere m'chaka cha 1891, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka pano.

Kwa odwala ambiri chubu chimathandiza popanda chovuta chachikulu. Koma pali mavuto atatu amene tiyenera kuwadziwa, makamaka chubu chikakhala cha m'matumbo.

Loyamba ndi kupotokola kwa thumbo. Matumbo aang'ono ndi otalika pafupifupi mamita 6 ndipo amakhala omasuka m'mimba. Pamene palowa chubu, madokotala amasokerera thumbo ku khoma la mimba. Nthawi zina mbali yotsalayo imazungulira pamalopo, monga chichitira chingwe cha mbuzi pachikhomo, mpaka njira kutsekeka.

Lachiwiri ndi lakuti thumbo limalowa m'kati mwa gawo lake loyandikana nalo, ngati sokosi yovulidwa mwachangu. Izi zimaoneka kawirikawiri kwa makanda, koma kwa munthu wamkulu chubu chikhoza kuziyambitsa.

Lachitatu, loopsa kuposa onse, ndi kufa kwa gawo la thumbo chifukwa chosowa magazi okwanira. Limakonda kubwera m'masiku kapena masabata oyambirira chakudya chitangoyamba kuperekedwa, makamaka kwa wodwala wofooka kwambiri.

Dokotala amaona wodwala kwa mphindi zochepa, koma ife oyang'anira matenda timakhala naye usana ndi usiku. Tsono tikhale tcheru ndi zizindikiro izi: mimba kufufuma ndi kuuma, kupweteka koopsa kapena kobwera mopotokola, masanzi obiriwira, kulephera kuchita chimbudzi ndi kutulutsa mpweya, magazi m'chimbudzi, ndiponso kutentha thupi. Tikaona zotere tisiye kumwetsa chakudya nthawi yomweyo. Ngati tili m'chipatala tiitane anamwino, ngakhale pakati pa usiku. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ngati tili kunyumba tithamangire kuchipatala osadikira kuti kuche. Tisathire mankhwala azitsamba m'chubu kapena kusisita mimba, pakuti thumbo lopotokola limafuna dokotala wa opaleshoni, ndipo maola ochepa okha akwanira kuti liole.

Tsiku ndi tsiku, chakudya tizipereka pang'onopang'ono pa muyezo umene atiuza kuchipatala, wodwala atatsamira, osati atagona chagada. Chubu tizichitsuka ndi madzi owiritsa ozizira tisanayambe ndiponso tikatha. Chikatuluka tisachikankhiremo tokha. Tiphimbe bala ndi nsalu yoyera n'kupita kuchipatala msanga, chifukwa bowolo limayamba kutsekeka m'maola ochepa.

Ena amafunsa za swaumu. Chakudya cholowa m'chubu chimamasula swaumu, koma Surat Al-Baqarah idapereka kale chilolezo kwa wodwala. Tisalole agogo kapena bambo athu kudumphitsa chakudya m'mwezi wa Ramadhan chifukwa cha manyazi. Ngati matenda alibe chiyembekezo cha kuchira, banja lipereke fidiya.

Dua tipemphe, kuchipatala tipite, ziwirizi sizilimbana. Allah awapatse odwala athu machiritso, ndi owasamalira mtima wopirira. Amin.