TSAMBA LA AMAYI: Msuzi wa M'dimba Wodyera Supageti



Mlungu watha tinakamba za kusunga nyemba kuti zisafumbwe. Lero ndabwera ndi nkhani ya ku tauni, koma zofunika zake pafupifupi zonse zili m'dimba mwanu momwemo.

Mwezi watha ndinakwera basi kupita ku Blantyre kukazonda mng'ono wanga amene akhala ku Chinyonga, pakati pa Blantyre ndi Limbe, kufupi ndi Chichiri. Mng'ono wangayu anachoka kumudzi ali wochepa thupi, wolima mizere yambiri dzuwa lisanatenthe. Tsopano ntchito yake ndi yosoka pa makina, ndipo akhala pa mpando kuyambira mmawa kufikira madzulo. Madzi ali pa mpopi pakhomo, makala awabweretsera pa njinga, ku msika wa Limbe apita pa minibasi. Akabwera kumudzi pa Khrisimasi, amayi anzathu amamuzungulira namuyamikira kuti, "Koma ndiye wanenepa! Bambo akukusunga bwino." Iye amangoseka.

Koma ulendo uno sanaseke. Anandiuza kuti, "Achemwali, mutu sundileka, maondo akuwawa, ndikakwera kachitunda pang'ono ndimapuma ngati ndathamanga. Kuchipatala andiyeza, akuti magazi akuthamanga kwambiri. Andipatsa mankhwala, ndipo akuti ndichepetse thupi, mafuta, mchere ndi shuga. Nanga ndizidya chiyani? Ana anga akonda supageti, ndipo popanda mafuta ambiri sakoma."

Madzulo ndinakhala naye pa mbaula kuti ndione kaphikidwe kake. Anathira mafuta m'poto osayeza, kufikira anyezi anayandama. Anaikamo matimati 2 okha, nawonjeza sosi wa m'botolo, timibulu 2 tokometsera ndiwo ta m'sitolo, mchere wodzaza supuni, ndi shuga pang'ono wophera kuwawasa. Ine ndinati, "Iwe, matenda ako ali m'poto umu."

Mmawa mwake anabwera mayi wina woyandikana naye, amene kale anali namwino. Iye ndiye anatiphunzitsa msuzi umene ndikulemberani lero. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

KUNENEPA KWAMBIRI SI CHUMA

Tisanafike pa mphika, tiyambe tamvana pa chinthu chimodzi. Kwathu kuno anthu ambiri aganiza kuti thupi lalikulu ndi chizindikiro cha mtendere, ndipo munthu akatsika thupi ayamba kumunong'oneza kuti akudwala. Chifukwa cha manong'onong'o otere amayi ena amaopa kumvera malangizo a kuchipatala. Maganizo amenewa apweteka anthu ambiri.

M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO unayeza anthu aakulu m'dziko muno, ndipo unapeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 3 alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri a iwo sanali kudziwa. Kafukufuku wina wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa amayi 5 alionse a zaka 15 kufikira 49 anali wolemera kupyola muyeso wa msinkhu wake. M'matauni chiwerengerocho chinali chokwera koposa, koma ndi kumudzi komwe vutoli lilipo. Kunenepa kopyola muyeso kuitana kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, kufa ziwalo ndi kuwawa kwa maondo. Amene anapitako ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre pa tsiku la odwala shuga adziwa kutalika kwa mzere wake.

Nanga n'chifukwa chiyani tiyamba ndi mafuta? Chifukwa chake ndi ichi. Galamu imodzi ya mafuta ipatsa thupi mphamvu zokwana makalori 9, pamene galamu imodzi ya ufa kapena shuga ipatsa makalori 4 okha. Mphamvu imene thupi siligwiritsa ntchito, thupi liisunga ngati mafuta pamimba ndi m'chiuno. Munthu wa khasu aitentha m'munda. Munthu wa pa mpando aisenza.

Mchere nawo ukweza kuthamanga kwa magazi. A WHO alangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti supuni ya tiyi imodzi yosasefukira, kuwerengera ndi mchere wobisika m'zakudya zogula. Timibulu tokometsera ndiwo tija mbali yake yaikulu ndi mchere. Sosi wa m'botolo ali ndi mchere ndi shuga. Tsono mukathira zonsezi pamodzi, mwathira mchere katatu.

KODI SUPAGETI N'CHIYANI?

Supageti ndi makaroni ndi chakudya chotchuka cha ku Italy. Amachipanga ndi ufa wa tirigu ndi madzi, nachiumitsa. Masiku ano chafika m'magolosale a kumudzi, ndipo ambiri a inu mwachilawa pa ukwati kapena kwa ana anu a ku tauni. Alangizi a zaumoyo atiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Supageti ali m'gulu la zokhutitsa, pamodzi ndi nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata.

Chotero supageti si ndiwo ayi. Ndaona pa maukwati mbale imodzi muli mpunga, supageti ndi mbatatesi yokazinga, masamba mulibe. Kumeneko n'chimodzimodzi kudyera nsima ndi nsima inzake. Sankhani chokhutitsa chimodzi, ndipo malo otsalawo mupatse msuzi uwu.

ZOFUNIKA PA BANJA LA ANTHU 6

Matimati akupsa bwino 10 aakulu.
Anyezi 2.
Adyo tizidutswa 3.
Karoti 3.
Mabilinganya 2.
Chibenthu cha dzungu chonga chikhatho chanu.
Tsabola wobiriwira wosawawa mmodzi.
Bonongwe kapena nkhwani wodzaza manja 2.
Nyemba zophikaphika kapu imodzi.
Mafuta ophikira masupuni aakulu 2.
Mchere wa ayodini supuni ya tiyi imodzi.
Supageti kapena makaroni magalamu 500.

Ngati karoti mulibe, ikani mbatata yofiira mkati. Ngati mabilinganya mulibe, onjezani dzungu, kapena bowa wodziwika bwino pa nyengo yake. M'malo mwa nyemba mukhoza kuika nandolo kapena khobwe. Chosasowa ndi matimati ndi anyezi basi.

KAPHIKIDWE

1. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani ndiwo zonse ndi madzi abwino musanazidule. Mukadula kenaka n'kutsuka, zofunika zina m'thupi zipita ndi madzi.

2. Viikani matimati m'madzi owira kwa mphindi imodzi. Khungu lake lisendeka mosavuta. Aduleni ting'onoting'ono, ndipo musataye madzi ake.

3. Palani karoti ndi dzungu kapena dulani tating'ono kwambiri. Mabilinganya dulani ngati mutu wa chala. Anyezi, adyo ndi tsabola dulani mwa nthawi zonse.

4. Yezani mafuta ndi supuni. Musathire kuchokera m'botolo, pakuti dzanja limanama. Kazingani anyezi pa moto wochepa kufikira afewe, osapserera. Akayamba kumata, thirani madzi pang'ono, osati mafuta ena. Kenaka ikani adyo.

5. Ikani karoti, dzungu, mabilinganya ndi tsabola. Takasani ndi mthiko kwa mphindi 5. Mabilinganya amamwa mafuta onse amene muwapatsa, tsono musawamvere chisoni.

6. Ikani matimati ndi theka la kapu ya madzi. Vundikirani, phulani nkhuni zina kapena chepetsani makala, ndipo zibwate pang'onopang'ono kwa theka la ola. Muzitakasa kuti zisapserere pansi.

7. Zonse zikafewa, zikanyeni ndi mthiko kapena chipande kufikira msuzi ulimbe ngati phala la mwana. Ngati ana anu amasankha masamba, pititsani msuziwo pa sefa yoyera, ndipo sadzadziwa kuti adya bilinganya.

8. Ikani nyemba, masamba odula bwino ndi mchere. Phikani mphindi 5 zokha kuti masamba akhalebe obiriwira. Musaikemo soda kapena chidulo, pakuti ziononga mavitamini ena.

9. M'poto wina wiritsani madzi ambiri. Akawira ikani supageti, takasani, ndipo aphike mphindi 8 kufikira 12 osavundikira. Lumani kachidutswa: akhale wofewa koma osabwafuka. Khetsani madzi. Musathiremo majarini kapena mafuta. Msuzi womwewo uletsa kuti asamatane.

Mudzaona kuti shuga safunika, pakuti karoti, dzungu ndi anyezi wophikidwa pa moto wochepa zitsekemera zokha ndi kupha kuwawasa kwa matimati. Kulimba kwa msuzi kuchokera ku dzungu ndi nyemba. Okonda zowawa aikemo kambuzi mmodzi, kapena afinyiremo ndimu pakudya. Ndimu ithandiza kuti pakamwa pasafune mchere wambiri.

Ena adzafunsa kuti, bwanji osangoleka mafuta onse? Ayi, musatero. Vitamini A wochokera ku karoti, dzungu ndi masamba obiriwira, amene athandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda, salowa bwino m'thupi popanda mafuta pang'ono. Ngati mafuta ogula palibe, ikani nsinjiro masupuni aakulu 3 pamodzi ndi masamba. Koma sankhani chimodzi, mafuta kapena nsinjiro, pakuti mtedza nawo uli ndi mafuta ambiri.

KAGAWIDWE KA M'MBALE

Msuzi wabwino suthandiza ngati mbale yasefukira ndi supageti. Kwa munthu wofuna kutsika thupi, supageti akhale wonga nkhonya yake imodzi, ndipo msuzi uchuluke kuposa supagetiyo. Matimati ndi masamba mbali yake yaikulu ndi madzi, tsono adzaza mimba osanenepetsa. Nyemba zikhalitsa m'mimba, chotero njala sibwera msanga. Mukamaliza idyani papaya, gwafa kapena nachesi, ndipo imwani madzi m'malo mwa zakumwa zotsekemera za m'botolo.

Amene mulibe ndalama ya supageti musadandaule. Msuzi womwewu ukoma ndi nsima ya mgaiwa, mpunga, mbatata, chinangwa kapena nthochi zophika. Ndipo kunena zoona, mgaiwa uposa supageti woyera pa gaga wothandiza m'mimba. Tiusipa pang'ono tosinja tikalowamo, ndiye ndiwo zakwanira.

CHENJEZO

Mverani bwino apa, amayi. Malangizo ochepetsa chakudyawa ndi a munthu wamkulu amene wayezedwa napezeka wolemera kupyola muyeso. Si a ana ayi. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osafika zaka 5 anali opinimbira. Mwana apatsidwe msuziwu wokwanira, ndipo m'mbale mwake muwonjezeremo nsinjiro, dzira kapena kasupuni ka mafuta. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa, wodwala, ndi munthu amene akhala m'munda tsiku lonse, onsewa adye mokhuta.

Munthu akamatsika thupi msanga popanda chifukwa chodziwika, apite kuchipatala. Amene mukumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, musawaleke chifukwa mwasintha kadyedwe. Woti anene za mankhwala ndi adokotala.

Za kasungidwe: ngati mulibe firiji, msuzi udyedwe tsiku lomwelo. Wotsala wa masana muuvundikire, ndipo madzulo muuwiritsenso kufikira ubwate musanagawe. Musautsekere m'botolo kuti ukhale masiku.

KWA ALIMI A M'MADIMBA

Pa msika wa Limbe ndinaona madengu a matimati atafoledwa, ena a ku Bvumbwe, ena a ku Ntcheu. Mng'ono wanga agula ndi ndalama chimene inu muthyola kuseri kwa nyumba. Komabe matimati akachuluka, mtengo ukagwa, ambiri a ife tiwasiya aolere pansi, ndipo mvula ikagwa tigula 3 pa mtengo wa mulu wonse.

Chitani monga muchita ndi mfutso. Sankhani matimati akupsa opanda bala, atsukeni, adulani mopyapyala, ndipo ayanikeni pa thandala loyera mutawaphimba ndi kansalu kopyapyala koletsa ntchentche ndi fumbi. Madzulo alowe m'nyumba. Akauma ndithu, asungeni m'chitini chotseka bwino pamalo pouma. Pophika aviikeni m'madzi otentha, ndipo madziwo alowe mu msuzi. Mukapopera mankhwala m'dimba, dikirani masiku onse olembedwa pa botolo musanathyole. Ngati simukumvetsa, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Ndinakhala ku Chinyonga masiku 4. Tsiku loyamba mwana wamkulu wa mng'ono wanga anati msuzi ulibe mchere. Tsiku lachitatu anapempha wina. Mayi wake tsopano wamangirira supuni ku botolo la mafuta ndi kachingwe, ndipo wayamba kuyenda pansi mmawa asanakhale pa makina. Thupi silitsika mlungu umodzi, pakuti silinakwere mlungu umodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo akadzabwera kumudzi pa Khrisimasi atachepako, ndamulonjeza kuti ine ndidzakhala woyamba kumuyamikira pamaso pa anthu.

Yesani msuziwu mlungu uno, ndipo mutilembere kutiuza mmene a pabanja panu aulandirira. Mlungu wamawa tidzakamba za phala la mgaiwa losakaniza ndi nsinjiro la ana osiya kuyamwa.

Tsalani bwino.

Ine mnzanu wa pa mafuwa.