Kodi Buku Losatsegulidwa Liri Buku?

Kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Amereka, kuli mwambo umene wakula m'zaka zino, ndipo ife tiyesa kuti uyenera kutsutsidwa poyera. Mwambowo ukhudza mabuku ang'onoang'ono a nthano zosimbidwa ndi zithunzi, amene eni dziko awacha comics. Kale mabukuwa anali a ana. Mnyamata anagula kabuku kamodzi ndi masenti 10, nakapinda, nakalonga m'thumba la kabudula, nabwereketsa mnzace, ndipo mnzaceyo anapatsiranso wina, kufikira kabukuko kanatha ngati nsanza. Koma lero akulu a imvi ndiwo afunafuna otsala a mabukuwa, nawatumiza kwa oyesa kuti awapatse malikisi, nawatsekera m'timabokosi touma ta pulasitiki tosayenera kutsegulidwanso. Pamenepo kabuku kamodzi kaposa mtengo wa nyumba zambiri za njerwa, koma palibe munthu adzakawerenganso. Ife amene nchito yathu ya masiku onse ndiyo kuumiriza ana kuti atsegule mabuku, sitingathe kumva zotere ndi kungokhala cete.

Tiyambe ndi kabuku kamene a malonda awa akagwadira koposa. M'caka ca 1938 kunasindikizidwa Action Comics ya nambala 1, m'mene munaoneka Superman poyamba, munthu uja wa mphamvu zozizwitsa, ali pacikuto atanyamula galimoto pamwamba pa mutu wace. Anasindikiza ngati 200,000, ndipo odziwa zinthuzi ayesa kuti otsala lero ali ngati 100 okha. M'caka ca 2010 kamodzi kanagulidwa ndi madola 1,000,000. Mu 2014 kena kanagulidwa pa eBay ndi madola oposa 3,200,000. Ndipo mu April 2024 a Heritage Auctions anagulitsa kenanso pa madola 6,000,000. Tsono tifunse, kodi ogulawo anagula ciani? Sanagule nthano iai, pakuti nthano yomweyo yasindikizidwanso kawirikawiri, ndipo ali yense angathe kuipeza ndi ndalama zocepa. Cimene anagula ndico nambala yolembedwa pakapepala pamwamba pa bokosi: woyamba 8.0, waciwiri 9.0, wacitatu 8.5.

Ciyambi ca nambalayi ndi ici. Mu 1970 Robert Overstreet anaturutsa buku londandalika mitengo ya mabuku akalewa, ndipo mtengo wa kabuku kali konse unatsata maonekedwe ace, kaya kali kokutha, kaya kosungika bwino, kaya konga katsopano. Koma wogulitsa ndi wogula sagwirizana msanga pa mau otere, pakuti kwa wogulitsa zonse ziri zatsopano, ndipo kwa wogula zonse ziri zakutha. Cotero mu 2000 kunabadwa kampani yochedwa CGC, imene likulu lace liri ku Sarasota m'cigawo ca Florida, kuti ikhale woweruza pakati pao. Munthu atumiza kabuku kace kumeneko pamodzi ndi malipiro. Oyesa awerenga masamba kuti aone ngati alipo onse. Ayang'ana ngondya zinai, ndi msana wa buku, ndi timawaya tomangira ngati tacita dzimbiri, ndi pepala ngati likali loyera kapena layamba kufiira. Atatha izi apereka malikisi oyambira pa 0.5 kufikira 10, namata bokosilo. Munthu akaliswa kuti aone za m'kati, malikisi aja afa pomwepo.

Taonani, awerengi, cimene anthuwa asiya osayesa. Safunsa ngati nthanoyo iri yokoma kapena yopusa, ngati wojambula anali mmisiri kapena wongopaka utoto. Ife aphunzitsi timapereka malikisi tsiku ndi tsiku, ndipo tidziwa kulemera kwace. Koma mphunzitsi wopatsa mwana malikisi poona ngondya za kope lace, osawerenga masamu ali m'katimo, woyendera sukulu akadamcotsa nchito tsiku lomwelo. Ndipo kope loyera mbee, losapindika, losadetsedwa ndi cala, tonse tidziwa mwini wace: ndiye mwana amene sanalitsegule caka conse.

Momwemonso ndi mabuku awa. Amene alandira malikisi apamwamba ndiwo amene sanakondedwe ndi mwana ali yense. Ku Denver kunali munthu wojambula zithunzi za malonda, dzina lace Edgar Church, amene anagula mabukuwa kuyambira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kufikira m'ma 1950, nawaunjika m'cipinda ca pansi pa nyumba yace, m'mdima ndi mouma. Mu 1977 wogulitsa mabuku wina, Chuck Rozanski, anagula mulu wonsewo, mabuku ngati 20,000, ndipo mpaka lero a malondawa auchula ndi ulemu waukuru, cifukwa manja a ana sanaukhudze. Koma kabuku kamene mtsikana analembapo dzina lace ndi pensulo pacikuto kuti mlongo wace asamlande, kapena kamene mnyamata anakawerenga kufikira msana unasweka, kameneko katsitsidwa pansi. Muyeso wotere ulanga kuwerenga, nupatsa mphotho kusawerenga.

Pali nkhani ina imene sitidziwa ngati tiiseke kapena tiilire. Mu 2013 munthu wina wa ku Minnesota, pokonza nyumba yakale, anapeza Action Comics ya nambala 1 m'kati mwa khoma, m'mene omanga anaiika pamodzi ndi manyuzipepala akale kuti mphepo yozizira isalowe. Abale atabwera kudzaona, panabuka kulandana, ndipo cikuto ca kumbuyo cinang'ambika. Oyesa anakapatsa 1.5, ndipo kanagulidwa ndi madola 175,000. Koma ogulitsa anati kung'ambika kuja kokha kunataya madola 75,000. Ife tinena kuti zaka zonse zija kabukuko kali m'khoma kanali ndi nchito, pakuti kanafunditsa anthu; m'bokosi la pulasitiki ndimo kalibe nchito iri yonse.

Tikumbukenso cifukwa cace mabukuwa anasowa. Ambiri anatha ndi kuwerengedwa. Ena anasonkhedwa pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene ana a ku Amereka anayenda khomo ndi khomo kutola mapepala akale kuti akagayidwenso. Ndipo ena anatenthedwa dala. Mu 1948 ku Spencer m'cigawo ca West Virginia, ndi ku Binghamton m'cigawo ca New York, ana a sukulu anaunjika mabukuwa pabwalo nawayatsa moto, akulu ali kuyang'anira. Mu 1954 dotolo Fredric Wertham anaturutsa buku lace lochedwa Seduction of the Innocent, lonena kuti zithunzizi ziipitsa ana, ndipo caka comweco akulu a nyumba ya malamulo anafunsa mlanduwo poyera. Tibvomere ndi manyazi kuti pakati pa otsogolera motowo panali aphunzitsi anzathu. Koma tsono mbadwo uja unatentha, mbadwo uno utsekera. Wotentha anaopa cimene cinali m'kati mwa buku, ndiko kuti anadziwa kuti m'katimo muli kanthu; wotsekera alibe nazo kanthu za m'kati. Kwa mwana wofuna kuwerenga, awiriwa amcitira cimodzimodzi.

Tidziwa kuti a malondawa ali nao mau otiyankha, ndipo sitiwanyoza onse. Anena kuti onyenga acuruka: wina adula m'mphepete mwa masamba kuti aoneke akuthwa, wina apaka utoto pamene pafumbutuka, wina amata pong'ambika, wina acotsa tsamba m'buku lina nalowetsa m'linzace. Munthu wogula pa intaneti, wosagwira katunduyo ndi manja ace, adzadziwa bwanji? Oyesa ndiwo azindikira zotere, naika kapepala kofiirira m'malo mwa kabuluu kuti onse adziwe kuti bukulo linakonzedwa. Izi nzoona, ndipo tiyamika nchito imeneyo. Ngakhale fodya amasankhidwa asanapite ku okushoni, tsamba labwino pa lokha, lothothoka pa lokha. Koma fodya akasankhidwa apita kukagwira nchito imene anamlimira. Palibe mlimi amata tsamba lace m'galasi kuti lingoyendayenda m'manja mwa ogula mpaka kale.

Ndiponso nambalayo siiri yolimba monga aionetsera. Pali mwambo wakusita buku ndi makina otentha kuti makwinya athe, monga asita malaya, ndipo oyesa sauwerengera kuti ndi kukonza. Cotero munthu agula kabuku ka 9.6, naswa bokosi, nakasita, nakatumizanso, kuyembekeza kuti kabwera ndi 9.8, ndipo kusiyana kwakung'ono kumeneko, kumene diso la munthu wamba silingathe kuona, nthawi zina kuwirikiza mtengo kawiri kapena kuposa. Ngati kabuku kamodzi kangathe kulandira nambala ziwiri, ndiye kuti nambalayo siiri ngati kulemera kwa pa sikelo iai, koma maganizo a munthu tsiku limenelo. Malipiro a oyesa nawonso akwera monga mwa mtengo wa buku. Sitinena kuti ali onyenga. Tinena kuti mau a munthu wolipidwa cotero ayenera kukhala otheka kuwayesa, ndipo bokosi lomata ndilo liletsa kuyesako. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma nkhuyu munthu amatha kuing'amba naona yekha. Pano woing'amba alipitsidwa.

Mau ao aciwiri ndi akuti bokosilo lisunga buku. Zoona, pepala lace linali lachipa, longa la nyuzipepala, ndipo likakalamba lifiira ndi kuthetheka. Koma kusunga kweni kweni kulipo kale, ndipo sikufuna kumata. Library of Congress ku Washington isunga mabuku a zithunzi oposa 140,000. Michigan State University ndi Ohio State University nazonso ziri ndi nkhokwe zazikuru za mabuku ndi zojambula zotere. Kumeneko wophunzira apempha buku, nakhala pansi, nalitsegula ndi manja oyera, nalibweza. Nkhokwe imamangidwa kuti cimanga cidzadyedwe. Cimene tipempha kwa osonkha ncacing'ono: yesani buku ngati mufuna, lembani zimene mwapeza pakalata, koma bukulo liikeni m'thumba lotheka kutsegula, kuti mdzukulu wanu akadzafunsa za m'katimo musadzamuonetse nambala.

Ndipo amene ayesa kuti kusunga kosawerenga ndiyo njira ya cuma, akumbuke zaka za m'ma 1990. Mbiri ya mitengo itamveka, anthu anayamba kugula mabuku atsopano asanu asanu, khumi khumi, osati kuti awerenge koma kuti akalemere nao. X-Men ya nambala 1 ya 1991 inagulitsidwa yoposa 8,000,000. Kumapeto kwa 1992 kunaturuka kabuku kosimba imfa ya Superman, kena kali m'thumba lakuda lomata, ndipo anthu anaima pamzere kukagula, nakakabisa osatsegula. Anaiwala cinthu cimodzi: akale aja anasowa cifukwa anthu sanawasunge, ndipo cimene onse asunga sicingasowe. Patapita zaka zocepa malondawo anagwa, masitolo ambiri anatsekedwa, ndipo mu December 1996 kampani ya Marvel inapita kubwalo la milandu kukanena kuti yalephera ngongole zace. Mabuku aja ambiri a iwo lero agulidwa ndi madola owerengeka cabe.

Tatsala ndi anthu awiri amene dzina lao silimveka kawirikawiri pa okushoni. Superman anapangidwa ndi anyamata awiri a ku Cleveland, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula. Mu March 1938 anagulitsa nthano yao ya masamba 13, pamodzi ndi umwini wonse wa Superman, pa madola 130. Mu 1947 anasuma kuti awabwezere umwiniwo, koma sanaupeze. Nchito inawathera, ndipo maina ao anafafanizidwa pa mabuku. Shuster maso ace anayamba kufa, nakhala m'umphawi. Siegel anakagwira nchito ya ukalaliki ya malipiro ocepa. Mu 1975, anzao a nchito ya zojambula atapfuula kwambiri, a Warner Communications anabvomera kuwapatsa madola 20,000 pacaka munthu ali yense, ndi kubwezera maina ao. Shuster anamwalira mu 1992, Siegel mu 1996. Ndipo mu 2012 osonkha anapeza cinanso cakugula: ceke ceniceni ca 1938, cimene pali mzere wa madola 130 aja, ndi maina a anyamatawo olembedwa molakwika. Cinagulidwa ndi madola 160,000.