Beni si mzere umodzi mu kompyuta

Kwathu ku Makanjira beni savinidwa mofanana kawiri. Wa pa chikondwerero cha m'mudzi ndi wa pa msonkhano wa ndale amasiyana nyimbo, ngakhale ng'oma zili zomwezo. Koma ukafufuza pa intaneti umangopeza mzere umodzi: gule wa Ayao wotsanzira asilikali, basi.

Olemba za zisudzo pa Wikidata, yomwe inayamba mu 2012, amasiyanitsa sewero ndi tsiku limene laseweredwa: kuti, liti, anasewera ndani. Magule athu akufunika zomwezo. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, koma dzina la gule silisunga mkulu amene anapeka nyimbo.

Anzanga, pa holide tizilemba zimenezi, titapempha kaye eni gule. Vidiyo yanga ya beni inamira ndi foni m'nyanja.