Msilikali wa Keyala anali mlimi mnzathu

Mwezi wa November ukafika, alimi tonse maso amakhala kumwamba kudikira mvula yobzalira. Mwezi womwewo akuluakulu a boma amasonkhana kuika nkhata za maluwa pokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri za dziko lonse. Ambiri kumudzi timayesa kuti mwambo umenewu ngwa anthu a m'tauni. Ine ndikuti ngwathu alimi, chifukwa msilikali wa King's African Rifles, amene makolo ankangoti Keyala, anali munthu wa khasu asanagwire mfuti.

Anali mnyamata wa kumudzi, kaya ku Mulanje, ku Mangochi kapena ku Mzimba. Wina analowa usilikali pofuna ndalama ya msonkho, wina chifukwa mfumu inauzidwa kuti ipereke amuna. Anaphunzira perete ku Zomba, kenaka anapita kumaiko amene ngakhale maina ake sanawamvepo. Mu 1940 ndi 1941 anamenyana ndi asilikali a Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia. Mu 1942 anali ku Madagascar. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kulimbana ndi asilikali a Japan pakati pa mvula yosakata, matope ndi malungo.

Nanga munda wake anasiyira yani? Aliyense wolima ndi khasu akudziwa kuti kusosa ndi kuunda mizere kumafuna manja ambiri. Pakhomo pakachoka mwamuna mmodzi, munda umachepa, mbeu zimabzalidwa mochedwa, tchire limapambana, ndipo nkhokwe imatha chisanafike chimanga chachiwisi. Mayi wotsala ndi ana anamenya nkhondo yakeyake, koma dzina lake silili pa chipilala chilichonse.

Pa nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918 zinthu zinali zowawa koposa. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito ya tengatenga, kusenza zakudya ndi zipolopolo pamutu kupita kunkhondo yolimbana ndi Ajeremani. Chimanga ndi ziweto zinatengedwa m'midzi kukadyetsa asilikali. Nkhondo itatha kunagwa njala, pamodzi ndi mliri wa chimfine wa 1918. John Chilembwe anali atadandaula kale mu 1914 kuti anthu osauka akukafera nkhondo yomwe si yao.

Msilikali wa ku Burma atabwerako anapeza chiyani? Ndalama yomuthokoza inali mashileni atatu ndi theka pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene mzungu wa udindo womwewo ankalandira mashileni khumi. Anabwerera ku khasu lake, n'kukumana ndi njala ya 1949 ndiponso malamulo okakamiza a malimidwe. Mu 2021 boma la Britain linapepesa kuti anthu akuda ambiri amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe monga azungu. Kupepesako nkwabwino, koma eni ake ambiri anali atagona kale.

Tisadikire alendo kuti atikumbutse makolo athu. Magule a malipenga, mganda ndi beni amene timavina tikakolola anatengera perete wa asilikali omwewa. Tikumbukira guleyo, bwanji tiiwale anthu ake? Amene anamenya nkhondo ya ku Burma n'kukhalabe moyo lero ali ndi zaka pafupifupi 100, ndipo atsala owerengeka.

Pempho langa ndi ili. Makalabu a alimi, mafumu ndi aphunzitsi alembe maina a anthu a m'mudzi mwao amene anapita kunkhondo, kumene anafika, ndi maina a amayi amene anasunga minda. Funsani agogo akadali ndi mau. Mendulo kapena chitupa cha usilikali chili m'bokosi, chisungeni pouma chiswe chisadye. Ndipo pa November, tisanalowe m'munda, tiwerenge mainawo pabwalo la mfumu kuti ana athu amve.