Mutu umodzi susenza denga: ophunzira zachipatala aphunzire pamodzi

Abale a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, nkhani ya lero ikuchokera ku bairro ya Degue, m'mbali mwa mzinda wa Tete, koma ikukhudza inu nonse.

Mayi woyembekezera akafika pa chipatala magazi akutayika, moyo wake suli m'manja mwa dotolo yekha. Pali mzamba amene amamuona poyamba, wa ku laboratoriyo amene amayeza magazi, wa ku famase amene amatulutsa mankhwala, ndi dalaivala wa ambulansi. Mmodzi akachedwa, kapena akachita mantha kuuza wamkulu wake kuti "apa talakwa", mayi uja amatisiya. Nanga anthu amenewa amaphunzira kuti kugwira ntchito pamodzi?

Mu mzinda uno muli Instituto de Ciências de Saúde de Tete, kumene amaphunzira anamwino ndi matekiniko. Mulinso sukulu ya zaumoyo ya Universidade Zambeze, kumene amaphunzira udotolo ndi za mankhwala. Maganizo anga ndi awa: ana amenewa asadikire diploma kuti adziwane. Aikidwe m'timagulu tosakaniza akadali pa sukulu, ndipo atumizidwe m'mabairro monga Degue ndi m'midzi ya m'malire.

Zimenezi si maloto. Ku Nampula, Universidade Lúrio inayambitsa pulogalamu yotchedwa "Um Estudante, Uma Família". Ophunzira udotolo, unamwino, za mano, za maso, za mankhwala ndi za kadyedwe amapatsidwa mabanja m'bairro ya Mutauanha kuti aziwayendera. Pakhomo limodzi wina amaona chitsime ndi chimbudzi, wina amaona zimene mwana akudya, wina amafunsa ngati agogo akumwa bwino mankhwala. Akabwerera amakambirana, ndipo aliyense amazindikira zimene maso ake sanaone.

Dziko lathu lino linaphunzira kale phunziro limeneli. Pa ufulu mu 1975 madotolo ambiri Achipwitikizi anachoka. Mu 1978 boma linayamba kuphunzitsa ma APE, anthu osankhidwa ndi mudzi kuti athandize odwala kwawo komweko. Mu 1984 linayamba kuphunzitsa matekiniko a opaleshoni, ndipo mu 2002 anali iwo amene anachita maopaleshoni akuluakulu a amayi oyembekezera opitirira 90 pa 100 alionse m'zipatala za kumudzi. Kuno ku Tete, mu 2008, a Médicos Sem Fronteiras ndi akuluakulu a zaumoyo anayambitsa magulu a GAAC: anthu osapitirira 6 omwa ma ARV, mmodzi n'kumapita kukatengera anzake onse. Ngati odwala anatha kugwirizana chotero, ophunzira angalephere bwanji? Ngakhale bungwe la zaumoyo la dziko lonse, OMS, mu 2010 linalangiza maiko kuti ophunzira ntchito zosiyanasiyana zachipatala aziphunzira pamodzi.

Ena adzati: ndalama za galimoto zichokera kuti, pamene mankhwala enieniwo amasowa? Funso ndi labwino. Koma ku Degue si ku Zumbo. Ndi mu mzinda momwemu, chapa amafikako. Tiyambe pafupi, kenaka tifike ku Ulónguè ndi ku Furancungo. Ena adzati dotolo waphunzira zaka zambiri, sangalangizidwe ndi servente. Komatu dotolo wachinyamata wochokera ku Maputo kapena ku Beira akafika kwathu samva Chinyungwe, samva Chichewa. Amene amamumasulira mau a wodwala nthawi zambiri ndi servente yemweyo. Akamunyoza, wataya makutu ake. Kulemekeza mnzako wa pantchito kumaphunziridwa msanga, monga mwana aphunzirira kulandira ndi manja awiri.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Ophunzira akafika pakhomo, tiwayalire mphasa ndipo tiwauze zoona, ngakhale za mankhwala a kwa sing'anga amene tinayamba kumwa, ngakhale za mapiritsi amene tinalandira kutsidya ku Dedza kapena ku Mwanza. Mafumu ndi a m'makomiti a zaumoyo, pa msonkhano wotsatira funsani akuluakulu a distrito kuti: ophunzira adzabwera liti kwathu, ndipo adzabwera pamodzi kodi? Ana amenewa ndi amene adzalandire ana athu aakazi usiku wa kubereka. Ndi bwino adziwane lero, asanakumane koyamba pa bedi la munthu amene akutaya magazi.