Kubwereza filimu si mlandu, koma ife tikubwereza ya yani?

Mu 2019 kampani ya Disney idatenga filimu yake ya katuni ya 1994, The Lion King, n'kuijambulanso pa kompyuta kuti mikango izioneka ngati yeniyeni. Nkhani yomweyo, Simba yemweyo, Mufasa n'kufanso pamalo pomwe adafera kale. Filimuyo idapanga ndalama zoposa madola 1.6 biliyoni a ku America. Chaka cha 2025 adachitanso chimodzimodzi ndi Lilo & Stitch ya 2002, ndipo nayo idadutsa biliyoni imodzi. Mukaona mafilimu khumi amene adagulitsa kwambiri padziko lonse mu 2024, pafupifupi onse ndi gawo lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi la nkhani yakale: Inside Out 2, Moana 2, Despicable Me 4, Kung Fu Panda 4. Nambala zokhazokha ngati mabasi a pa depoti.

Ndiye anthu ambiri pa intaneti akudandaula kuti Hollywood yatha nzeru. Ine sindikuona choncho. Nzeru zilipo, chavuta ndi mantha. Filimu imodzi yaikulu kumeneko imadya madola 200 miliyoni kapena kuposa, kuwonjezerapo ndalama zoitsatsira. Munthu amene waika ndalama zoterezi safuna kuyamba kufotokozera dziko kuti Simba ndi ndani. Amafuna dzina limene bambo akulidziwa kale, kuti atenge ana n'kukagula matikiti anayi. Ndi maganizo omwewo a mayi wa pamsika amene amaoda tomato ndi kabichi tsiku lililonse, osayerekeza kuoda ndiwo zimene anthu sadazionepo. Sikuti nthawi zonse zimayenda. Snow White ya 2025, yobwereza katuni ya 1937, idalephera kubweza ndalama zimene adalowetsa. Ndipo chaka chomwecho Sinners ya Ryan Coogler, nkhani yatsopano yopanda gawo loyamba, idadzaza nyumba zoonetsera mafilimu. Komabe amalonda amawerengera kuti mwa kubetcha kuwiriku, kwa dzina lakale n'kumene sikuluzitsa kawirikawiri.

Izi n'zawo. Tiyeni tibwere kwathu kuno, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza mwa njira ina.

Pa Ndunde, m'boma la Chiradzulu, monga zilili m'malo ambiri ochitira malonda m'dziko muno, filimu sifika kudzera pa tikiti. Imafika kudzera mu vidiyo shoo: kachipinda ka mabenchi, kansalu pakhomo, sipika panja ikukuwa kuti odutsa amve kuti nkhondo yayambika. Imafikanso pa memori khadi, kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu, kenako n'kumayenda foni ndi foni. Ndipo filimu imene imayenda malonda kwambiri si ya Chingerezi chake chija. Ndi yomasulira, imene mnyamata wina wa m'tauni wakhala pa kompyuta, watsitsa mawu a eni ake, n'kulankhula yekha m'malo mwa onse, mfumu, mkazi wake, chigawenga, ngakhale galu amene.

Amene mudaonerapo mukudziwa kuti uku sikumasulira kokha ayi. Mchaina wa karate amapatsidwa dzina lachimalawi. Mzinda wa Hong Kong umasanduka Ndirande kapena Limbe. Pamene eni filimu adangokhala chete akuyang'anana, womasulira amaikapo nkhani ya ngongole ya katapila kapena ya apongozi ovuta, holo yonse n'kufa ndi phwete. Nthawi zina zimene akunena sizigwirizana n'komwe ndi zimene zidalembedwa, koma ndani akufunsa? Mwana wa ku Ndunde amene waonera filimu ya Jackie Chan mwa njira imeneyi waonera filimu ina, osati imene adaonera mnzake wa ku Beijing. Kunena mosabisa, anyamata amenewa ndiwo akatswiri athu obwereza mafilimu, ndipo ena mwa iwo amaikamo zatsopano zambiri kuposa zimene Disney idaika mu The Lion King yachiwiri ija.

Pali vuto lake, tisabise. Lamulo la Copyright Act la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, silikulola kumasulira kapena kusintha ntchito ya munthu wina n'kumagulitsa popanda chilolezo chake. Eni mafilimu a ku China kapena ku India ali kutali, mwina sadzamva n'komwe. Koma memori khadi imene imanyamula Jet Li mwaulere ndi yomweyo imene imanyamula filimu ya Mmalawi mwaulere, ndipo uyu ndiye amamva kuwawa, poti msika wake wonse ndi womwewu.

Kubwereza pakokha si chinthu chachilendo kwa ife. Agogo akati padangotelo, ife n'kuyankha kuti tilitonse, palibe amene ankadandaula kuti nthano ya Kalulu ndi Fisi tidaimva kale. Tinkadziwa mathero ake. Chimene tinkadikira n'choti agogo awa aifotokoza bwanji, nyimbo aiyimba motani, Fisi amupatsa mawu a ndani m'mudzimo. Muyeso wake ndi womwewo mpaka lero: wobwereza wabweretsa chiyani chake?

Onani za anzathu a ku South Africa. Shaka Zulu ya 1986, ija ya Henry Cele imene makolo athu adaionera pa matepi, mbali yaikulu ya nkhani yake imadutsa m'maso mwa azungu amene adafika kwa mfumuyo. Mu 2023 adatulutsa Shaka iLembe. Mfumu yomweyo, koma ulendo uno m'Chizulu, ndipo nkhani ikuyambira kwa mayi wake Nandi, amene akuseweredwa ndi Nomzamo Mbatha. Uku ndiye kubwereza kokhala ndi chifukwa: woyamba uja adasiya kena kake, ndipo wachiwiri wabwera kudzatola. Chimodzimodzi The Departed ya Martin Scorsese ya 2006. Nkhani yake idachokera ku filimu ya ku Hong Kong ya 2002, Infernal Affairs, koma adaisamutsira ku Boston n'kuipatsa anthu ndi chilankhulo cha kumeneko, mpaka idapata mphotho ya Oscar ya filimu yopambana onse. Adagula chilolezo, ndipo sadabise kumene adaitenga.

Ku Nigeria nako zikuchitika. Living in Bondage ya 1992, imene ambiri amati ndiyo idayambitsa Nollywood ya matepi, adaipitiriza mu 2019 motsogozedwa ndi Ramsey Nouah. Kenako kudabwera Nneka the Pretty Serpent yatsopano mu 2020 ndi Glamour Girls mu 2022. Zina zidakoma, zina anthu adazinyoza kuti angosintha magalimoto ndi mawigi basi. Koma taonani chinthu chimodzi: kuti ubwereze, uyenera kukhala ndi nkhokwe. Anthu a ku Nigeria akutapa m'nkhokwe imene adadzaza okha zaka 30 zapitazo. Disney ikutapa m'nkhokwe ya zaka 100.

Nanga yathu ili kuti? Sikuti mulibe kanthu. Shemu Joyah adatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, imene idapambana pa mphotho za Africa Magic Viewers' Choice mu 2018 ngati filimu yabwino ya kummwera kwa Africa. Joyce Mhango Chavula adali atatenga kale mphotho yomweyo mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Fatsani ya Gift Sukali idatumizidwa kukaimira dziko lino ku ma Oscar. Koma inu amene mukuwerenga pa foni pano, mwa mafilimu amenewa mwaonerapo angati kuyambira poyamba mpaka pomaliza? Mutati muyifune lero The Last Fishing Boat, mungalowere kuti? Filimu imene anthu sangathe kuipeza singakhale mbewu ya ina. Wachinyamata amene akuyamba kujambula amatengera chimene chili m'foni mwake, ndipo chimene chilimo ndi Lagos, Mumbai ndi Seoul.

N'chifukwa chake mukatsegula Facebook, TikTok kapena YouTube mumapeza timasewero tathu tambiri tikununkha kwa eni ake. Mnyamata wa ku Bangwe akudabwa ngati wa ku Lagos, manja pamutu, mawu ake omwe. Nkhani ndi yomwe ija: mwana wa mfumu wadzisandutsa wosauka kuti ayese chikondi cha namwali, kapena wolemera wapereka mayi ake kwa sing'anga kuti apeze chuma. Nyumba yachifumu ya mipando yagolide ija, ku Chiradzulu mudaiona kwa mfumu iti? Kuno kwathu mwamuna ndiye amapita chikamwini, ana n'kukhala a kwa mayi, mwinimbumba n'kukhala malume. Nkhani ya bambo wolimbirana ufumu ndi mwana wake womubereka ikafika pa Ndunde imakhala yavala nsapato za mwini. Pamene nkhani ya mkamwini amene wamanga nyumba ya malata pamalo a mkazi wake, banja n'kutha, iye n'kutuluka ndi kachikwama kokha, aliyense m'holomo akudziwa wina amene zidamuonekera.

Sindikuwanyoza achinyamatawa. Mantha awo ndi omwe aja a Disney, kungoti a thumba laling'ono. Ngati bandulo wagula ndi ndalama ya ganyu, ndipo waona kuti kasewero kotengera ku Nigeria kapeza owonera ambiri, ubwereza komweko. Kukopera ndi sukulunso. Woimba gitala aliyense adayamba ndi nyimbo za ena. Chodetsa nkhawa n'kukalamba uli sitandade 1.

Chimene chimandipweteka n'choti boma lomweli la Chiradzulu lakhalira nkhani zimene kwina akadazijambula kale kasanu. John Chilembwe timamudziwa pa ndalama ya K2,000 ndi pa tchuthi cha pa 15 Januwale. Koma taganizani ngati filimu. Mnyamata apita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, aphunzira ku Lynchburg, abwerera mu 1900 n'kutsegula mishoni ya PIM ku Mbombwe. Aona anthu ake akugwira thangata m'minda ya A.L. Bruce ku Magomero. Nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, alemba kalata ku nyuzi kufunsa chifukwa chimene Aafirika akufera nkhondo ya eni. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake aukira, William Jervis Livingstone aphedwa, ndipo pasanathe masabata awiri Chilembwe naye wagona, tchalitchi chake chagwetsedwa. Muli chikhulupiriro, muli magazi, muli funso lovuta loti mbusa amafika bwanji pololeza kupha. Muli mkazi wake Ida, amene sitimufunsa n'komwe kuti usiku umenewo adauona bwanji. Ngakhale gawo lachiwiri, loti Hollywood imalikonda lija, lilipo kale: Daniel Malekebu, mwana wa pa mishoni pomwepo, adapita ku America ali mnyamata, nabwerako ali dokotala, n'kudzatsegulanso PIM mu 1926.

Ndipo munthu wina wasonyeza kale mmene nkhani imeneyi ingabwerezedwere mwanzeru. Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa zaluso ku Oxford, adatenga chithunzi cha 1914 chimene Chilembwe adajambulitsa ndi mzungu mnzake John Chorley, onse atavala zipewa, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Adachiumba kukhala chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chidaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Sadasinthe anthu, sadasinthe zovala. Adangosintha msinkhu: Chilembwe wamtali pafupifupi kawiri kuposa Chorley. Kusintha kumodzi kokha, chithunzi chakale n'kuyamba kulankhula zina.

Tikachedwa, ena adzatifotokozera. Chaka chomwe chija cha 2019, Chiwetel Ejiofor, amene adalankhula mawu a Scar mu The Lion King, adatulutsa pa Netflix The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Adachita bwino kudzajambulira konkuno ndi kulimba mtima kugwiritsa ntchito Chichewa, ndipo Lily Banda adatiimirira. Koma William adaseweredwa ndi mnyamata wa ku Kenya, ndipo Chichewa cha ena mwa osewera akuluakulu chidatiseketsa pamalo ofunika kulira. Dziko lonse lidawerenga mawu a Chingerezi pansi n'kukhutira. Ife tokha ndi amene tidamva kuti mchere wachepa.

Wina anena kuti filimu ya Chilembwe ikufuna ndalama zankhaninkhani: zovala za 1915, mfuti, asilikali, tchalitchi choti agwetse. N'zoona, ndipo palibe mnyamata wa pa Ndunde amene angaikwanitse ndi foni. Koma si nkhani zonse za m'bomali zofuna mfuti. Namondwe Freddy wa mu March 2023 adasiya mabanja ku Chiradzulu amene mpaka lero sadziwa pamene padagona abale awo. Kuli mtsikana amene amadzuka mbandakucha kupita ndi dengu la tomato ku Limbe, kuli wakabaza amene njinga yake ndi ya ngongole, kuli mayi amene mwamuna wake adapita ku Joni ndipo foni idasiya kulira. Izi zimafuna anthu atatu kapena anayi, khonde limodzi, kamaikolofoni koti mawu azimveka, ndi munthu wodziwa kulemba mmene anthu amalankhulira.

Munthu ameneyo alipo kale, kungoti tamuika pa ntchito ina. Ndi womasulira uja. Amadziwa pamene holo imaseka, pamene imakhala zii, ndi pamene anthu amayamba kutuluka kukagula chimanga chootcha. Wakhala zaka akuika mawu a pa Ndunde m'kamwa mwa Amitabh Bachchan. Bungwe la opanga mafilimu la Film Association of Malawi likamakonza maphunziro a kalembedwe, awa ndiwo oyenera kuyamba kuitanidwa, limodzi ndi eni ma vidiyo shoo, kuti akambirane za mtengo umene filimu ya Mmalawi ingaonetsedwere pa benchi mwini wake n'kulandirapo kangachepe.